Mankhwala a Chiwindi ndi Chipanda cha Mowa: Wodwala Asayende Yekha

Pali funso limodzi limene anthu ambiri sayankha moona akakhala pamaso pa dokotala kapena namwino. Funsolo ndi lakuti, "Kodi mumamwa mowa?" Wina amayankha kuti amangolawa pa ukwati ndi pa sadaka. Wina amati anasiya kalekale, chonsecho dzulo lake lomwelo wafika pakhomo atambala akulira. Anthuwa si abodza mwachibadwa ayi. Amaopa kudzudzulidwa pamaso pa anthu, ndipo amene wangouzidwa kumene kuti m'magazi mwake muli kachirombo ka hepatitis C amaopanso china choposa apo, kuti akaulula am'bweza kumudzi wopanda mankhwala.

Mantha amenewa amawononga pawiri. Wazaumoyo sadziwa katundu weniweni amene chiwindi cha wodwalayo chasenza, kotero malangizo ake amadutsa pambali. Naye wodwala amayamba moyo wobisa, ndipo munthu wobisa sachedwa kuleka kupita kuchipatala. Tsiku limene wamwa amachita manyazi kumeza piritsi, tsiku lotsatira amaopa kuti mowa ndi mankhwala zimenyana m'mimba, mapeto ake botolo la mapiritsi limatsalira pa denga la nyumba lisanathe. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake munthu womwa mowa sayenera kumanidwa mankhwala a matendawa, ndiponso chifukwa chake munthu wotere amafunika mnzake woyenda naye kuyambira tsiku loyamba mpaka atachira.

Kachirombo koyenda mwakachetechete

Chiwindi ndi chiwalo chachikulu chimene chili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Chimasefa magazi, chimasunga mphamvu yochokera m'chakudya, chimapanga ndulu ndi zinthu zothandiza kuti magazi agwirane munthu akavulala. Mankhwala alionse, chakumwa chilichonse ndi poizoni aliyense wolowa m'thupi zimadutsa m'menemo. Hepatitis ndi kutupa kwa chiwalo chimenechi, ndipo tizirombo toyambitsa kutupaku tinapatsidwa malembo A, B, C, D ndi E.

Kachirombo ka mtundu wa C kanadziwika m'chaka cha 1989, ndipo akatswiri atatu amene anakatulukira, Harvey Alter, Michael Houghton ndi Charles Rice, analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 50 miliyoni anali ndi kachiromboka, ndipo oposa 240,000 anamwalira nako m'chaka chimenecho. Mwa anthu 100 alionse otenga kachiromboka, pafupifupi 30 amakachotsa okha m'thupi miyezi 6 isanathe. Otsalawo amakhala nako zaka zambiri osamva kupweteka kulikonse, pamene chiwindi chikuchita zipsera pang'onopang'ono. Mwa iwowa, pakati pa 15 ndi 30 pa 100 alionse chiwindi chawo chimauma ndi kukwinyika m'zaka 20, ndipo ena amadwala khansa ya chiwindi.

Kachiromboka kamayenda ndi magazi. Kamalowa kudzera mu jakisoni wogwiritsidwa ntchito kawiri, m'magazi opatsidwa kwa wodwala osayezedwa, mu lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo, m'mpeni umodzi wa kusimba, ndiponso pakati pa anthu obwerekana masingano obayira mankhwala ozunguza bongo. Kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana kapena kudzera m'kugonana kumachitika, koma si kawirikawiri. Kudya nsima mbale imodzi, kumwera chikho chimodzi, kugwirana chanza kapena kulumidwa ndi udzudzu sikupatsa matendawa. Katemera wake palibe, kusiyana ndi mtundu wa B umene ana amalandira katemera wake ku sikelo.

Dziko limene linavutika koposa mu Africa ndi Egypt, ndipo ambiri mwa ovutikawo anali alimi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile ankabayidwa majakisoni a likodzo ndi zida zosaphikidwa bwino, ndipo kachirombo kanayenda kuchoka pa mkono wina kupita pa wina. Lero likodzo limachizidwa ndi mapiritsi, kotero mbiri imeneyi isaopseze aliyense. Phunziro lake ndi lakuti ambiri odwala matendawa sanachite cholakwa chilichonse. Anangopereka mkono kwa wowabaya.

Mankhwala ochiza alipo

Kale mankhwala a matendawa anali owawa. Wodwala ankabayidwa jakisoni wa interferon sabata iliyonse ndi kumwa mapiritsi a ribavirin kwa miyezi 6 mpaka chaka chathunthu. Ankamva ngati ali ndi malungo osatha, ankafooka, ena ankakhumudwa kwambiri m'maganizo, ndipo ochira anali pafupifupi theka lokha. Zinthu zinasintha mu December 2013 pamene dziko la America linavomereza mankhwala otchedwa sofosbuvir. Poyamba mtengo wake unali woopsa, madola 84,000 pa munthu mmodzi, koma makampani a ku India ndi ku Egypt atayamba kupanga mankhwala omwewo mtengo unatsika kwambiri. Masiku ano munthu amamwa piritsi limodzi kapena awiri pa tsiku, nthawi zambiri kwa masabata 12, ndipo oposa 95 mwa anthu 100 alionse amachira, kachirombo n'kutheratu m'magazi.

Dziko la Rwanda lasonyeza kuti mankhwalawa akhoza kufika kumudzi. Mu December 2018 boma la dzikolo linakhazikitsa ndondomeko yothetsa hepatitis C. Linagwirizana ndi opanga mankhwala kuti mtengo wochiza munthu mmodzi ukhale madola 60, linaphunzitsa anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono kupereka mankhwalawo, ndipo linadalira alangizi a zaumoyo osankhidwa ndi anthu a m'mudzi kuti aitane anthu kukayezetsa. M'zaka zochepa zotsatira anthu oposa 7 miliyoni anayezedwa, ndipo pafupifupi 60,000 analandira mankhwala.

Komatu ku Rwanda, monganso kumaiko ena a chigawo chino, mowa ndi gawo la moyo wa kumudzi. Kumeneko mowa wa nthochi wotchedwa urwagwa susowa pa ukwati ndi pa chinkhoswe, monga momwe masese sasowera pa dima, pa chinamwali ndi pa chiliza m'midzi ya Achewa. Mu 2023 dzikolo linayambitsa kampeni yotchedwa TunyweLess yolimbikitsa anthu kuchepetsa kumwa. Dziko limene lachotsa kachirombo m'magazi a anthu zikwizikwi linaona kuti mdani wina wa chiwindi akadalipo.

Adani awiri pa chiwalo chimodzi

Munthu akamwa mowa, pafupifupi wonse umakathera m'chiwindi. Pougaya, chiwindi chimayamba chausandutsa poizoni wina amene amawononga minofu yake yomwe, kenaka n'kumusungunula. Kumwa kukachuluka, mafuta amaunjikana m'chiwindi, chimatupa, ndipo pamene panali mnofu wabwino pamatsala chipsera. Kachirombo ka hepatitis C kamachita zofananazo mwa njira yakeyake. Ziwirizi zikakumana m'thupi limodzi zimafanana ndi munda umene wagwidwa kaufiti kenaka n'kulowa mbozi. Zimene zikanatenga zaka 30 zimachitika m'zaka zochepa.

Madokotala anaona kalekale kuti odwala hepatitis C amene amamwa mowa wopitirira magalamu 50 pa tsiku, womwe ndi pafupifupi mabotolo anayi a mowa wa m'sitolo, chiwindi chawo chimauma msanga kuposa cha osamwa. Izi sizitanthauza kuti mabotolo atatu ndi abwino. Palibe mlingo wa mowa umene unapezeka kuti ndi wosavulaza chiwindi chodwala. Kumudzi vuto limakula chifukwa mowa wake sulembedwa mphamvu yake. Kachasu wa mutu akhoza kuposa mowa wa m'botolo kangapo konse, ndipo wogula sadziwa chimene wotcheza waikamo. Maiko a Zambia mu 2012 ndi Malawi mu 2015 analetsa mowa wa m'masacheti, koma mowa waukali wotsika mtengo sunachoke m'misika ya kumidzi.

Chiwindi cha mlimi chili ndi adani enanso. Chuku chomera pa mtedza ndi chimanga chosaumitsidwa bwino chimatulutsa poizoni woyambitsa khansa ya chiwindi. Likodzo la m'matumbo limalimbitsa mitsempha ya m'chiwindi. Hepatitis B, imene ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi yofala kuposa ya mtundu wa C, ikhoza kukhala m'thupi lomwelo. Ngakhale Panado amene munthu amameza ambirimbiri pofuna kuthetsa matsire amavulaza chiwindi cha womwa mowa akapyola mlingo. Mwa adani onsewa, mowa ndi umene wodwala angathe kuuchepetsa lero lomwe, ndipo n'chifukwa chake malangizo a WHO, kuyambira mu 2014, amati aliyense wopezeka ndi hepatitis C afunsidwe za kamwedwe kake, ndipo womwa kwambiri athandizidwe kuchepetsa.

Kuthandiza si kumana

Liwu lofunika pa malangizo amenewa ndi lakuti athandizidwe. M'nthawi ya interferon madokotala ambiri ankati munthu ayambe wasiya mowa kwa miyezi 6 asanayambe mankhwala, chifukwa mankhwalawo anali ovuta kupirira. Lamulo limeneli linapitirira ngakhale mankhwala atsopano atabwera. Ku America zigawo zambiri zinkakana kulipirira mankhwala anthu osauka amene sanatsimikize kuti asiya mowa. Zotsatira zake zinali zakuti anthu amene chiwindi chawo chinali pa ngozi yaikulu ndiwo ankatsalira kumapeto kwa mzere.

Mu 2023 kunatuluka kafukufuku wamkulu wa odwala oposa 69,000 a m'zipatala za asilikali opuma pantchito a ku America komweko. Mwa anthu 100 alionse amene anamwa mankhwala atsopanowa, 94 anachira, ndipo mwayi wochira sunasiyane pakati pa osamwa, omwa pang'ono ndi zidakwa zenizeni. Mabungwe a madokotala a chiwindi m'dzikolo amanena poyera kuti kumwa mowa si chifukwa chomanira munthu mankhwala, ndipo zigawo zambiri zinachotsa lamulo lija.

Mfundo ziwiri zimayenda pamodzi pamenepa, ndipo mlangizi wa kumudzi ayenera kuzigwira zonse. Yoyamba ndi yakuti mowa suletsa mapiritsi kupha kachirombo, malinga ngati munthu akuwamwa tsiku ndi tsiku. Yachiwiri ndi yakuti mapiritsiwo sateteza chiwindi ku mowa. Amene wanena yoyamba yokha wapatsa munthu chilolezo chomwa. Amene wanena yachiwiri yokha wam'thamangitsa kuchipatala. Ngozi yeniyeni ya mowa m'masabata 12 a mankhwala ndi kuiwala, kugona kutali ndi kumene kuli mapiritsi, kuthera ndalama ya ulendo wa kuchipatala pa kachasu, ndi manyazi obwera m'mawa mwake. Zinthu zimenezi dokotala wa ku boma sangazione. Amaziona ndi munthu wokhala naye pafupi.

Amene anadutsamo

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Njira yothandizana pakati pa anthu a vuto limodzi inayamba kale. Mu 1935, mu mzinda wa Akron ku America, amuna awiri ovutika ndi uchidakwa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anaona kuti akamacheza za vuto lawo amatha kupirira tsiku limodzi osamwa, kenaka linanso. Apo ndi pamene panayambira gulu la Alcoholics Anonymous, limene lero lili m'maiko ambiri. Ku Britain, bungwe la The Hepatitis C Trust linakhazikitsidwa mu 2001 ndi anthu amene iwo eni anali ndi kachiromboka, ndipo ntchito yake yaikulu imagwiridwa ndi anthu amene anadwalapo n'kuchira. Iwowa amapita kundende, kumalo ogona anthu osowa pokhala ndi kumalo othandizira zidakwa, kukafotokoza zimene anaona ndi kuperekeza anzawo kuchipatala. Kafukufuku wochitika ku London amene anasindikizidwa mu 2019 anapeza kuti odwala amene anapatsidwa mnzawo wotere ankapitiriza kuonana ndi achipatala pafupifupi kawiri kuposa amene anangopatsidwa kalata ya kuchipatala.

Chinsinsi chake si chovuta kumva. Wazaumoyo akati "musamwe", wodwala amamva lamulo. Mnzake amene ankamwa naye akati "inenso ndinali pomwepo", wodwala amamva kuti n'zotheka. Kwa mnzake wotere munthu saopa kuulula kuti Loweruka anagwa, ndipo kuululako ndiko kumapatsa mpata woti Lamlungu piritsi limwedwe.

Chigawo chino sichikufunika kuphunzira nzeru imeneyi kwa alendo. Mliri wa Edzi unaiphunzitsa kale. Ku Uganda bungwe la TASO linayamba mu 1987 ndi anthu ochepa okhudzidwa ndi matendawa amene ankasonkhana kuti atonthozane. Ku Malawi bungwe la NAPHAM linayamba mu 1993. Ku Tete m'dziko la Mozambique, kuyambira mu 2008, anthu omwa ma ARV anayamba kupanga magulu a anthu osapitirira 6, mmodzi n'kumapita kuchipatala kukatengera anzake mankhwala mosinthanasinthana. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito ya Friendship Bench, m'mene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala kumvetsera anthu olemedwa m'maganizo. Ntchito yomalizayi ikukhudza nkhani ya mowa mwachindunji, pakuti ambiri amamwa pofuna kuiwala ngongole ya feteleza, imfa ya mwana kapena banja limene likugwedezeka.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukumbukira. M'midzi yambiri ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique odwala hepatitis C ndi ochepa. Munthu akhoza kukhala yekhayekha wa matendawa m'dera lonse la gulupu, ndipo gulu la odwala anzake sangalipeze. Kudikira kuti gulu lotere lidzapangidwe ndi kum'siya yekha. Magulu amene alipo kale ndiwo ayenera kum'landira: gulu la omwa ma ARV, komiti yosamalira odwala kumudzi, kalabu ya alimi, banki m'khonde, bungwe la amayi kapena la abambo la kumpingo kapena kumzikiti. Munthu amene wamwa ma ARV zaka 10 osadumpha amadziwa za piritsi la tsiku ndi tsiku kuposa wina aliyense. Munthu amene anasiya kachasu zaka zitatu zapitazo amadziwa mmene chibaba chimagwirira dzuwa likamalowa. Awiriwa akaphatikiza nzeru zawo, woperekeza wapezeka.

Ntchito ya woperekeza

Woperekeza amasankhidwa ndi wodwala mwini wake, monga zimakhalira ndi gadiyani wa wodwala chifuwa chachikulu. Asakhale munthu amene wodwalayo amamuopa kapena amene ali naye ngongole. Choyamba chimene awiriwa amagwirizana ndi chinsinsi. Nkhani ikangofika pa mjigo kapena pa bawo, chikhulupiriro chatha, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chachiwiri ndi kupita limodzi kuchipatala tsiku loyamba ndi kuthandiza wodwala kunena zonse. Wazaumoyo ayenera kudziwa kuchuluka kwa mowa umene munthuyo amamwa. Ayeneranso kudziwa mankhwala ena onse amene akumwa, chifukwa ena amafooketsa mapiritsi a hepatitis C. Oterewa ndi monga rifampicin wa chifuwa chachikulu, ndi carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital a matenda a khunyu. Ma ARV ena amafuna kuti mlingo usinthidwe. Zitsamba za kwa sing'anga nazo zitchulidwe. Mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati anene msanga. Wodwala ayezedwenso HIV ndi hepatitis B asanayambe, chifukwa kachirombo ka mtundu wa B kakhoza kudzuka pamene ka mtundu wa C kakuphedwa.

Chachitatu ndi nthawi ya piritsi. Kwa munthu womwa mowa nthawi yabwino ndi m'mawa, asanapite kumunda, mutu uli bwino. Kalendala ya masiku 84 yolembedwa pa pepala kapena pa khoma imathandiza, tsiku lililonse n'kumadulidwa mzere. Akadumpha tsiku asameze awiri pofuna kubweza, ndipo akadumpha masiku angapo apite kuchipatala kukafunsa chochita. Piritsi limwedwe ngakhale tsiku limene munthu wagwa n'kumwa mowa.

Chachinayi ndi mafunsidwe. Mawu akuti "Mwayambanso eti?" amatseka pakamwa. Woperekeza wanzeru amafunsa modekha kuti, "Achimwene, sabata ino yayenda bwanji? Ndi tsiku liti limene linavuta?" Akamva kuti linali tsiku la msika, awiriwo amakonza za msika wotsatira: kupita m'mawa, kubwerera limodzi, kudzera njira ina yosadutsa pa shabini. Akamva kuti wamwa masiku awiri pamene kale ankamwa asanu ndi awiri, amayamikira masiku asanu aja. Cholinga ndi kusiyiratu, koma kuchepetsa kulikonse kumapumitsa chiwindi, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachisanu ndi kudziwa nyengo za ngozi. Mlimi amakhala ndi ndalama m'thumba atagulitsa fodya, soya, thonje kapena mtedza, ndipo miyezi yomweyo ndi ya maukwati, zinamwali ndi ziliza. Kukana chipanda pamaso pa akuluakulu n'kovuta kwa munthu mmodzi. Kumapepuka akakhala awiri atanyamula thobwa lawo. Mkazi kapena mwamuna wa wodwala, mwiniwake akavomera, akhoza kusunga padera ndalama ya ulendo wa kuchipatala isanakhudzidwe. Nawo atsogoleri a kalabu angathe kuleka kulipira ganyu ndi mowa, ndipo mafumu angathe kulamula kuti pa zochitika za m'mudzi pazikhala chakumwa cha osamwa mowa.

Chachisanu ndi chimodzi ndi malire. Woperekeza si dokotala. Sasintha mlingo, sagawa mapiritsi a munthu wina, ndipo sauza munthu kuti aleke mankhwala. Akaona maso achita chikasu, mimba kapena miyendo yatupa, munthu akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda bii, kapena akusokonezeka mutu ndi kumangogona masana, ntchito yake ndi kupeza njinga kapena galimoto tsiku lomwelo. Iyenso amatopa, makamaka ngati naye analimbanapo ndi mowa, kotero gulu liyenera kum'funsa za umoyo wake, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo azikumana naye kawirikawiri.

Kusiya mwadzidzidzi kuli ndi ngozi yake

Pali chenjezo limene anthu a mtima wabwino ambiri salidziwa. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku lililonse kwa zaka, amene manja ake amanjenjemera m'mawa mpaka atalawako, thupi lake linazolowera mowa. Akasiya kamodzin'kamodzi, m'maola ochepa amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusowa tulo. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati akhunyu, amaona zinthu zimene palibe, amabwebweta, ndipo ena amamwalira. Kumudzi zoterezi zimatchedwa ufiti kapena ziwanda, ndipo munthu amathamangira naye kolakwika.

Munthu wotere asatsekeredwe m'nyumba, asamangidwe, ndiponso asalumbiritsidwe pagulu kuti wasiya lero. Apite kuchipatala, kumene kuli mankhwala okhazika thupi pansi ndi mavitamini oteteza ubongo m'masiku oyambawo. Woperekeza amene wadziwa chinthu chimodzi chokhachi akhoza kupulumutsa moyo.

Masabata 12 akatha

Botolo lomaliza likatha ulendo sunathe. Pakapita masabata ena 12 munthu amayezedwanso magazi kuti aone ngati kachirombo katheratu, ndipo ambiri amaiwala ulendo umenewu chifukwa akumva bwino. Kuyeza kwake ndi kofufuza kachirombo keniko. Kachipangizo koyezera msanga pa chala kamasonyezabe chizindikiro ngakhale munthu atachira, chifukwa kamaona asilikali a m'thupi amene anatsala, kotero wochira asadzidzimuke nako. Adziwenso kuti kuchira sikuteteza. Lumo lobwerekana kapena jakisoni wa kuseri zikhoza kubweretsanso kachirombo.

Apa ndi pamene mowa umabwerera mosavuta. Munthu wauzidwa kuti wachira, abale akondwera, ndipo wina amati nkhani yabwino chotere iyenera kutsirira. Komatu chimene chachoka ndi kachirombo, zipsera zikadalipo. Chiwindi chimatha kudzikonza chikapatsidwa mpata, ndipo mwa ambiri zipsera zimachepa m'kupita kwa zaka. Mowa ndi umene umalanda mpata umenewo. Amene chiwindi chake chinali chitauma kale amafunika kuunikidwa kuchipatala miyezi 6 iliyonse chifukwa ngozi ya khansa imachepa koma siitheratu, ndipo kwa iyeyo mowa ndi woletsedwa moyo wake wonse. Woperekeza amene waleka kubwera tsiku limene mapiritsi atha wasiya mnzake pakati pa mtsinje.

Maiko a dziko lonse anagwirizana mu 2016 kuti pofika 2030 matenda a hepatitis asakhalenso chiopsezo pa umoyo wa anthu, ndipo pa 28 July chaka chilichonse amakumbukira matendawa. Tsikuli limagwa m'nyengo yomwe ija imene nkhokwe zadzaza ndipo mowa uli ponseponse. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kapena kalabu ya alimi ingathe kugwiritsa ntchito msonkhano wa mwezi umenewo kuitana mlangizi wa zaumoyo kuti adzafotokoze kumene anthu angayezetse, ndi kusankha anthu awiri kapena atatu odziwa kusunga chinsinsi amene angaperekeze aliyense wopezeka ndi matendawa. Mwa osankhidwawo musasowe munthu amene anamwapo mowa n'kusiya. Ndipo wochira wa chaka chino, akafunsidwa mwaulemu, kawirikawiri ndiye amavomera kuperekeza wodwala wa chaka chamawa.